Mtengo wa m'munda ndi mtengo wa padoko: lipoti la nkhani ya kashu wa ku Mozambique

Ntchito yanga ndi yolangiza magulu a alimi ndi makampani okonza zakudya amene akufuna kugulitsa katundu wawo kunja. Pantchito imeneyi pali funso limene silitha, kaya mbewu yake ndi iti: kodi boma lilole zokolola kutuluka zosakonza kuti mlimi apeze ndalama zabwino, kapena lizitsekere m'dziko kuti mafakitale apeze chokonza, anthu apeze ntchito? Funsoli likabuka ndimabwerera ku nkhani ya kashu wa ku Mozambique ya m'zaka za m'ma 1990. Ndailemba pano mwatsatanetsatane chifukwa anzanga ambiri pantchitoyi amaidziwa theka, ndipo aliyense amasunga theka limene likugwirizana ndi maganizo ake.

M'Chichewa mawu akuti mtengo amanyamula zinthu ziwiri, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo. Kwa zaka pafupifupi khumi akatswiri, andale ndi eni mafakitale anakangana za mtengo wa padoko. Mtengo wa m'munda, umene umabereka kashuyo, unkangokalamba popanda woulabadira.

Kumene nkhani inachokera

Kashu kwawo ndi ku Brazil. Apwitikizi ndiwo anafika naye kugombe la kum'mawa kwa Africa ndi ku India m'zaka za m'ma 1500, ndipo m'dothi lamchenga la ku Nampula, Inhambane ndi Gaza mtengowu unamera ngati kwawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Mozambique ndiye ankatsogola padziko lonse pokolola kashu, matani oposa 200,000 pachaka, ndipo anali ndi mafakitale akuluakulu oswera. Pafupifupi kashu yense ankachokera kwa alimi ang'onoang'ono. Iwo ankatola pansi pa mitengo yomwazika m'minda mwawo n'kukagulitsa kapena kusinthanitsa ndi katundu m'timasitolo takumudzi, timene eni ake ankatchedwa cantineiros.

Dziko litalandira ufulu mu 1975, eni timasitolo ambiri anachoka, ndipo njira imene kashu ankayendamo kuchoka kumudzi inaduka. Mu 1978 boma la Frelimo linaletsa kutumiza kunja kashu wamakoko kuti yense aziswedwa m'dzikomo. Kenako nkhondo yapachiweniweni inakula, mpaka pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. M'zaka zonsezo anthu anathawa minda, moto wolusa unawotcha mitengo, ndipo panalibe wobzala yatsopano. Matenda a ufa woyera amene amagwira maluwa a kashu anafalikira. Mu Malichi 1994 namondwe wa Nadia anagwetsanso mitengo yosawerengeka ku Nampula, chigawo chimene chimakolola kwambiri.

Mafakitale ambiri anali m'manja mwa kampani ya boma ya Caju de Moçambique. Cha m'ma 1994 ndi 1995 boma linawagulitsa, ambiri kwa amalonda a m'dziko momwemo, ndipo ogulawo ankayembekeza kuti chitetezo chikhalapobe kwa zaka zingapo pamene akukonza makina.

Zimene zinasinthidwa

Chiletso chinayamba kumasulidwa m'nyengo ya 1991/92, pamene kashu wamakoko analoledwa kutuluka, koma wowerengeka ndiponso pamsonkho waukulu. Mu 1995 banki ya World Bank inaika kumasula malonda a kashu pakati pa zimene Mozambique anayenera kukwaniritsa kuti alandire ngongole zochuluka. Dziko longotuluka kumene m'nkhondo, limene bajeti yake inkadalira thandizo lakunja, linalibe pokanira. Ganizoli linatsamira pa kafukufuku wa katswiri wa bankiyo, Hilmar Hilmarsson, amene anapeza kuti mafakitalewo ankachepetsa chuma m'malo mochiwonjezera. Kunena kwina, dziko likanapeza zambiri pogulitsa kashu wamakoko ku India kusiyana ndi zimene linkapeza pomuswa lokha. Malire a kuchuluka kwa wotuluka anachotsedwa, msonkho unatsikira pa 20 peresenti, kenako pa 14 peresenti, ndipo cholinga chinali choti utheretu.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti ganizoli silinali lopanda nzeru. Chiletso kapena msonkho wa katundu wotuluka zimatsitsa mtengo wa mbewu m'dziko. Amene amalipira kusiyanako ndi mlimi, ndipo mlimiyo nthawi zambiri ndiye wosauka kuposa onse. Mabanja olima kashu analipo pafupifupi 1 miliyoni, pamene ogwira ntchito m'mafakitale anali cha m'ma 11,000. Munthu aliyense wachifundo akaika manambala awiriwa pasikelo, mtima wake ukhoza kupendekera kwa mlimi. Wanganso umapendekera komweko.

Msonkho sunafike pa ziro. Mabungwe a ogwira ntchito, eni mafakitale ndi atolankhani monga Carlos Cardoso anatsutsa kolimba. James Wolfensohn, amene anali mkulu wa World Bank, atacheza m'dzikomo mu 1997 analola kuti pachitike kafukufuku wina, ndipo kampani ya Deloitte & Touche inapeza kuti alimi sanapindule monga ankayembekezera. Mu 1999 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loika msonkhowo pakati pa 18 ndi 22 peresenti, boma n'kusankha 18. Koma madzi anali atatayika kale. Pofika 2001 mafakitale akuluakulu pafupifupi onse anali atatseka, ndipo anthu pafupifupi 10,000, pakati pawo amayi ambiri, ntchito inawathera.

Mu 2002 akatswiri atatu a zachuma, Margaret McMillan, Dani Rodrik ndi Karen Horn Welch, anawerengera phindu ndi kuluza kwake. Anapeza kuti phindu limene dziko lonse linapeza silikanaposa madola 6.6 miliyoni pachaka, kapena 0.14 peresenti ya chuma cha dzikolo. Ndalama zowonjezera zimene zinafika kwa alimi sizinapose madola 5.3 miliyoni, kutanthauza madola 5.30 pa banja lililonse pachaka chathunthu. Ndipo kuluza kobwera ndi ulova wa anthu a m'mafakitale kunali pafupifupi madola 6.1 miliyoni. Phokoso lonse lija, udani wonse uja pakati pa boma ndi opereka ngongole, mabanja onse aja amene anasowa pogwira, zinagula madola asanu ndi masenti 30 pa khomo la mlimi. Nambala imeneyi ndiyo imandibwezera kunkhaniyi, ndipo zotsatirazi ndi mmene ine ndimaimvera.

Ulendo wa thumba kuchoka kumudzi kufika ku Nacala

Pepala la kafukufuku likanena kuti mtengo wakwera, limanena za mtengo wa padoko. Mlimi sagulitsa padoko. Pakati pa iye ndi sitima ya padoko la Nacala pali manja angapo: wogula woyendayenda ndi sikelo yake, mwini sitolo wa pamalo ochitira malonda, wogula mwapikulitsa wa m'tauni, ndiyeno wotumiza kunja. Aliyense amadyapo, ndipo kudyako sikuti konse n'kuba. Msewu umene wangochotsedwa mabomba okwirira, lole imene imathyoka masipuling'i paulendo uliwonse, ngongole ya kubanki yachiwongoladzanja chachikulu, zonsezi zimalipiridwa kuchokera m'thumba lomwelo.

Vuto lenileni ndi kuchepa kwa ogula. Kumene msewu uli woipa, m'mudzi mumafika wogula mmodzi kapena awiri. Amene ali ndi malole ndi ndalama zogulira matani ambiri ndi anthu owerengeka, ndipo ogula ang'onoang'ono amagwira ntchito ndi ndalama zawo. Msonkho ukachotsedwa padoko, phindu limayamba lafika kwa wotumiza kunja. Kuti litsikire kwa wapansi pake pamafunika wina womulanda katunduyo pomupatsa mlimi mtengo woposa. Wolandayo akasowa, phindu limakhala pomwe lafikira. Akatswiri atatu aja anapezanso zomwezi, kuti gawo lalikulu la phindu linatsalira m'manja mwa amalonda.

Pali chinanso chimene anthu a m'maofesi amachiiwala. Kashu ku Mozambique amakololedwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Januwale kapena Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zatha ndipo mbewu zatsopano zili m'munda. Mayi amene ali ndi thumba limodzi, ana kunyumba akufuna chakudya, sangadikire wogula wa sabata yamawa amene mwina sabwera n'komwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amagulitsa lero, kwa amene wafika, pasikelo ya wogulayo. Palibe lamulo la msonkho limene limafika pansi pa mtengo umene malonda amenewa akuchitikira.

Wogula wa kutsidya la nyanja

M'zaka za m'ma 1990 wogula kashu wamakoko padziko lonse anali pafupifupi mmodzi, India, makamaka mafakitale a ku Kollam m'chigawo cha Kerala, kumene amayi ankaswa ndi manja mwaluso lalikulu. India amayamba kukolola wake cha mu Febuluwale ndi Malichi, ndiye kashu wa ku Mozambique ankafika nthawi imene mafakitale ake ali pululu. N'chifukwa chake zaka zina ankagula pamtengo wabwino, ndipo mtengo wa zaka zimenezo ndi umene unanyenga owerengera.

Kashu woswa ali ndi ogula ambiri, ku America, ku Ulaya ndi kwina. Wamakoko ali ndi ochepa. Choncho Mozambique anachoka pamsika wa ogula ambiri n'kupita pamsika wa wogula mmodzi, ndipo mafakitale a m'dziko atatseka panalibenso wopikisana ndi wogulayo. Mitengo ya padziko lonse itagwa cha m'ma 2000 ndi 2001, mlimi analibe kwina kolowera.

Mpaka lero zinthu sizinasinthe kwambiri, kungoti Vietnam anawonjezekapo. Lipoti la 2021 la UNCTAD, bungwe la United Nations loona za malonda, linati India ndi Vietnam anagula 98 peresenti ya kashu wamakoko yense amene anagulitsidwa pakati pa mayiko kuyambira 2014 mpaka 2018, ndipo kashu wa mu Africa amene amaswedwa mu Africa momwemo sankafika 15 peresenti. India amalowetsa wamakoko pamsonkho wochepa, koma woswa anamuikira msonkho wa 70 peresenti mu 2019. Misonkho yokwera motsatira mmene katundu wakonzedwera ndiyo imasunga mayiko olima ali ogulitsa zosakonza. Amene akulangiza dziko kuti litsekule chitseko chake ayenera kuyamba wayang'ana ngati cha mnzakeyo chili chotsekula, ndiponso chotsekulira katundu wanji.

Mafakitale analinso ndi mlandu wawo

Apa ndimasiyana ndi anzanga amene amafotokoza nkhaniyi ngati ya mafakitale abwino ophedwa ndi alendo. Kuswa kashu ndi ntchito yovuta. M'khoko lake muli mafuta owotcha khungu, ndipo njere yake ndi yopindika, yosachedwa kusweka. Pa makilogalamu asanu a wamakoko pamatuluka pafupifupi kilogalamu imodzi ya woswa. Msika umalipira kwambiri njere zathunthu ndi zoyera, zimene zimasankhidwa m'magiredi monga W240 ndi W320, nambalayo ikutanthauza kuchuluka kwa njere pa paundi imodzi. Zosweka mtengo wake umatsika kwambiri. Makina akuluakulu a ku Mozambique ankaphwanya njere zambiri kuposa manja a amayi a ku Kerala. Anamangidwa poyembekeza zokolola za m'ma 1970, ndiye ankagwira ntchito pang'ono chabe poyerekeza ndi mphamvu zawo. Komanso fakitale inayenera kugula kashu wa chaka chonse m'miyezi itatu kapena inayi, ndi ndalama zangongole. Chitetezo chimene chinayamba mu 1978 sichinachize chilichonse mwa zimenezi, ndipo amene ankachilipira anali mlimi.

Komabe zolakwa ziwiri za omasula malonda ndimaziona kukhala zazikulu. Choyamba ndi nthawi. Manambala amene anaweruza mafakitale anali a zaka zimene mafakitalewo anali m'manja mwa boma, nkhondo itangotha. Eni atsopano anagula chaka chino, chaka chamawa chitetezo n'kuyamba kuchotsedwa mwamsanga, asanasinthe makina ngakhale amodzi. Wamalonda aliyense m'dzikomo, ngakhale amene sankagwira za kashu, anaphunzirapo kuti mawu a boma satha chaka.

Chachiwiri ndi kuganiza kuti wochotsedwa ntchito apeza ina. M'mabuku a zachuma munthu akachoka pantchito yosapindulitsa amapita payopindulitsa. M'tauni ngati Angoche, imene moyo wake unali kashu, ntchito inayo kunalibe. Anthu anakhala zaka akudikira malipiro awo otsalira, ndipo misika ndi timabizinesi timene tinkadalira malipirowo tinafota nawo limodzi.

Mtengo wa m'munda

Chiyembekezo chachikulu cha ndondomekoyi chinali choti mlimi akaona mtengo wakwera adzabzala mitengo yambiri, zokolola n'kubwerera mwakale. Sizinachitike, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito ndi alimi a mbewu za m'mitengo akanatha kuneneratu. Chimanga ukhoza kuwonjezera ekala chaka chomwecho. Kashu umabzala lero, n'kudikira zaka zitatu mpaka zisanu kuti uyambe kutola, ndipo phindu lenileni limabwera patapita zaka zambiri. Wobzala amafuna kukhulupirira kuti mtengo wabwinowo udzakhalapobe mwana wake akadzakula. Koma aliyense ankadziwa kuti boma lachita zimenezi mokakamizidwa, nduna zinkanena poyera, ndipo lamulo la 1999 linatsimikiza kuti amene sanakhulupirire ndiwo anaganiza bwino.

Mitengo yokalamba ndi yodwala inkabereka makilogalamu awiri kapena atatu umodzi. Tiyerekeze mlimi wa mitengo 30 yobereka makilogalamu atatu uliwonse. Akolola makilogalamu 90. Mtengo ukakwera ndi masenti 10 pa kilogalamu, wapeza madola 9 owonjezera. Koma mitengo yomweyo itaduliridwa, kulimiridwa pansi kuti moto usafike, ndi kupoperedwa mankhwala nthawi ya maluwa mpaka kubereka kuwirikiza kawiri, ndalama zake zonse zimawirikiza, ngakhale mtengo wa pamsika usasinthe. Mkangano wonse unali pa masenti 10 aja.

Bungwe la boma loona za kashu, INCAJU, linakhazikitsidwa mu 1997, ndipo ndalama za msonkho wa 18 peresenti zinaikidwa kuti zizithandiza kupopera mankhwala, kufesa mbande ndi kutukula mafakitale. Mu 2020 bungweli linasinthidwa kukhala Instituto de Amêndoas de Moçambique. Ntchito imeneyi ikanayamba msonkho usanakhudzidwe, nkhani ikanakhala ina.

Zimene zinamera paphulusa

Cha m'ma 2002 ku Namige, m'chigawo cha Nampula, kunatsekulidwa fakitale yaing'ono mothandizidwa ndi bungwe la TechnoServe. Inali pakati pa mitengo yeniyeniyo, inkaphika kashu ndi nthunzi n'kumuswa ndi timakina toyendera dzanja ndi phazi ngati ta ku India. Inafuna ndalama zochepa poyamba, inkatulutsa njere zathunthu zambiri, ndipo pogula pafupi inakhala wopikisana ndi ogula otumiza kunja. Ena anatengera chitsanzocho, ndipo ntchito zinabwereranso kumidzi. Sindikufuna kuikometsa mopitirira. Malipiro anali otengera makilogalamu amene munthu waswa, ambiri sankafika pa malipiro ochepetsetsa a boma, ndipo mafuta aja ankawotcha manja. Mafakitalewa ankadalirabe msonkho wa 18 peresenti. Vietnam atapanga makina abwino oswera n'kukhala wotsogola pogulitsa kashu woswa kuyambira 2006, mpikisano unakulanso, ndipo ena mwa mafakitale atsopanowa anadzatseka.

Mayiko ena ayesa njira zawo. Côte d'Ivoire, amene tsopano amakolola matani oposa 1 miliyoni pachaka, amadula msonkho pa wamakoko koma anayambanso kupereka ndalama kwa mafakitale pa kilogalamu iliyonse ya woswa imene atumiza kunja. Ku Tanzania mu Novembala 2018 Pulezidenti John Magufuli anakana mtengo wa amalonda n'kutuma asilikali kukatenga kashu wa alimi kuti boma ligule lokha, ndipo alimi ambiri anadikira ndalama zawo miyezi yambiri. Kwa amene amalemba malamulo, ndi bwino kukumbukira kuti gawo XI la GATT, pangano la malonda a pakati pa mayiko, limaletsa ziletso ndi malire a kuchuluka kwa katundu wotuluka, kupatula pa zifukwa zochepa, pamene msonkho wa katundu wotuluka silinauletse. Mapangano ena a malonda, monga a EPA ndi mayiko a ku Ulaya, ndiwo amaika malire pa misonkho yatsopano yotere.

Mmene nkhaniyi inasinthira kagwiridwe kanga ka ntchito

Ndikafunsidwa ngati msonkho uchotsedwe kapena uikidwe, sindiyankha ndisanatsatire thumba limodzi kuchoka pakhomo la mlimi kufika m'sitima. Ndimalemba mtengo pa dzanja lililonse limene thumbalo ladutsa, ndipo ndimawerenga ogula amene amafikadi m'mudzi wakutali, osati amene ali m'kaundula wa ziphaso. Akakhala mmodzi kapena awiri, ndimalemba mu lipoti kuti phindu silifika kwa mlimi pokhapokha alimi atasonkhanitsa katundu wawo n'kugulitsa pamodzi, akhale ndi posungira, ndiponso azimva mtengo wa padoko pa wailesi kapena pafoni. Ndimayang'ana amene akugula kutsidya, kuti alipo angati, amakolola liti zawo, ndipo msonkho wawo pa katundu wokonzedwa ndi wotani. Eni mafakitale ndimawafunsa chaka chimene adzaime okha, ndipo amene safuna kutchula chaka ndimamulemba kuti akupempha mlimi amudyetse mpaka kalekale. Za ogwira ntchito ndimafunsa dzina la ntchito imene adzapite, m'tauni yomweyo.

Pa nkhani ya Mozambique, ine ndikanalangiza kuti msonkho utsike ndithu, koma pang'onopang'ono, pa ndondomeko yolengezedwa poyera imene boma lenilenilo lavomereza ndi mtima wake, ndipo ndalama zake zipite ku mitengo kuyambira chaka choyamba. Msonkho wotere amaulipira ndi mlimi, ndiye uli ndi chilungamo pokhapokha ukabwerera kwa iye ngati mankhwala ofika maluwa asanagwidwe ndi matenda, ndi mbande zofika mvula ikuyamba. Mabungwe oyang'anira mbewu zotere, kulikonse kumene ndagwirako ntchito, amakonda kulengeza mbande zimene agawa. Ine ndimapempha nambala ya zimene zili moyo patapita zaka zitatu, mudzi ndi mudzi, ndipo ikasowa ndimalemba kuti kuiwerenga ikhale ntchito yoyamba ya ndalama za msonkhowo.